Mawu a Chijekete

Ine makatuni sindinaonereko ndili mwana, ndipo ndinene poyera, ndimadana nawo. Kwathu kumapiri a Ntchisi kunalibe zimenezo. Ndinadzazimva nditakwatiwa, a Alexio atanditenga chitengwa kubwera kwawo kuno kufupi ndi Chezi, komwe amuna akuluakulu andevu zawo amatha kusiya makasu m'munda n'kumakangana za mbuzi yovala jekete.

Nkhani yake anandifotokozera eni ake pamodzi ndi anzawo, kambirimbiri mpaka makutu kuwawa. Iwo ali ana, wansembe wina wa ku parishi anabweretsa TV, deki ndi matepi a zidole zojambula zija. Lamlungu Misa ikatha ankaliza jenereta, ana n'kudzazana muholo, ena pamawindo. Koma TV ija inafika sipika yake itafa kale. Zithunzi zikuthamanga, pakamwa pakuyasama, koma mawu zii. Tsiku loyamba ana anangoyang'ana. Lamlungu lotsatira anayamba kutsinana ndi kusokosa, ndipo akatekisiti, a Gregorio, anali atathyola kale kamtengo kokwapulira. Pamenepo kamnyamata kena ka zipere kumutu kanaimirira n'kuyamba kuziyankhulira zidole zija m'Chichewa. A Gregorio anakweza kamtengo kaja, koma chiseko chinawapeza asanamenye. Anatenga mpando n'kukakhazika kamnyamatako pambali pa TV. Kamnyamatako ndiye a Alexio, amuna anga.

Mayina enieni a zidolezo palibe ankawadziwa, poti zolemba zachingerezi zinkadutsa mothamanga. A Alexio anazitcha okha. Panali nkhuku yovala mandala, imeneyo anati ndi Namandala, ndipo ankaiyankhulitsa miseche ya m'mudzi momwemo. Panali galu wonenepa woyenda ndi ndodo, ameneyo Kapitawo. Koma wokondedwa ndi onse anali tonde wamtali wovala jekete wopanda buluku, Chijekete. Ameneyu ntchito yake inali kugwa. Kugwa padenga, kugwa m'chitsime, kupondedwa ndi galimoto mpaka kuphwatalala, kenako n'kudzuka n'kusasa jekete lake. Akamadzuka choncho, a Alexio ankadina chala pakhosi n'kutulutsa mawu osasa, okwekwereza: "Musadandaule abale, ndangotsetsereka!" Holo yonse inkagwa ndi phwete.

Zinatha zimenezo. Wansembe uja anasamutsidwa, TV inapsa, a Alexio bambo awo anamwalira, ndipo anasiya sukulu n'kulowa m'munda wa fodya. Moyo wawo wonse unakhala umenewo: nazale kudimba, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kudinda mabelo, chaka n'chaka. Analinso osuta, chingambwe chokulunga okha sichinkachoka kukhutu. Sanali munthu waulesi, sanali wa mowa, dzanja sanandikwezerepo. Koma Chijekete sanawasiye. Paukwati, pabawo, pachigayo, ngakhale kumanda adzukulu akukumba, wina ankangoti, "Alexio, tatiitanire Chijekete," iwo chala pakhosi. Anthu a msinkhu wawo akamva mawu amenewo nkhope zinkasintha, ankabwerera muholo muja, mimba zokhuta mbatata, makolo awo onse adakali moyo. Ine ndinkaseka pang'ono poopa kuoneka wamwano, koma chosekedwacho sindinkachiona.

Matenda anayamba nyengo yosankha fodya, m'chigafa muli fumbi lokhalokha. Nthawi imeneyo mwana wathu Thoko anali akuyamwa. A Alexio anadzuka mawu atasasa. Ndinati ndi chimfine, ndinawaphikira mandimu. Chimfine chinatha, kusasa kunatsala. Atapita kwa msuweni wawo a Festus, amene amachita kabaza wa njinga yamoto, anangoti, "Mwadzuka bwanji kuno?" A Festus anatsala pang'ono kugwa nayo njinga.

"Aaa, lero Chijekete walawirira!" anatero a Festus. "Ndipo osagwira n'komwe pakhosi. Koma iwe wafikapo!"

Mbiri inawanda kuti a Alexio tsopano akumutha Chijekete popanda chala. Anthu ankawaimitsa panjira dala kuti angowapatsa moni. Iwo ankayankha, enawo n'kumaseka, iwonso n'kusekera limodzi.

Mvula inagwa, fodya wina analowa m'chigafa, mawu osabwerera. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi, ndinkaona zomwe anzawo sankaona. Mbatata anasiya. Chimanga chootcha, chomwe ankachikonda kwabasi, anayamba kupatsa mwana. Akamameza ankatseka maso. Buluku ankamanga ndi luzi. Ndinapita kwa a Festus.

"Alamu, abale anuwa akudwala. Atengeni panjinga mupite nawo kuchipatala."

"Akudwala chiyani?"

"Simukuwamva mawuwo?"

Anandiyang'ana mondimvera chisoni, ine! "Alamu, inu simunaonere. Simungamve. Uyu timamudziwa ndife, akayamba zake sasiya msanga."

Simunaonere. Mawu amenewo ndinawamva kwa a Festus, kwa akazi awo, kwa azimayi pamjigo, mpaka ndinkafuna kuponya chidebe. Ine mlendo wa ku Ntchisi, wosaonera TV, ndingadziwe chiyani za amuna anga omwe? Asa!

Ndinawakakamiza ndekha a Alexio, tinayenda wapansi mpaka kukachipatala kena kakang'ono. Tsoka lake, bambo amene tinawapeza akuona odwala tsiku limenelo analinso mwana wa muholo muja. A Alexio atangoyamba kufotokoza, bambowo anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anayesa kudzigwira, ndisawanamizire. Anawaunika kukamwa ndi katochi, anati ndi fumbi la fodya, n'kutipatsa mapilisi a chifuwa. Tikutuluka anafunsa, "Kodi Namandala uja munkamuyankhulitsa bwanji paja?" A Alexio anayesa, mawu a nkhuku aja anakana kutuluka. Bambowo anaseka zomwezo.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku la mapemphero a mphakati, Lachinayi lina masana pakhonde la a Gregorio, amene tsopano ndi nkhalamba yosamva bwino. Usiku wa dzulo lake ndinali nditawalalatira amuna anga kuti anene okha pagulu, poti ine anthu sandimvera. Itafika nthawi yopempherera odwala, anaimirira, chipewa m'manja.

"Abale," anatero, "ine pakhosi panga sipali bwino. Chakudya sichikudutsa. Ndikupempha mundipempherere."

Kenako mayi wina anafwenthera m'chitenje, wina anatsatira, ndipo kumbuyo mwamuna wina anakuwa, "Mwangotsetsereka, bambo!" Basi, mapemphero anathera pompo. Anthu misozi mbwembwembwe, kuseka. Ine ndinayang'ana amuna anga. Ndinaona mantha m'maso mwawo, ndinawaona ndi maso angawa. Anayang'ana anzawo onse aja akugubuduka, ndiye anakweza dzanja n'kusasa jekete lomwe sanavale. Khonde linaphulika.

Ine ndinaimirira n'kutukwana. Inde, pamapemphero. Ndinati ndinu agalu, munthu akufa inu mano pamtunda. Azimayi anandigwira, ena amvekere mkazi wa ku Ntchisi uja wayamba misala. Pobwerera kunyumba ndinkalira ndi ukali.

"Bambo a Thoko, mwachitiranji zimene zija?"

"Mayi a Thoko," anatero motsitsa, "mukanafuna nditani? Akamaseka, inenso ndimaona ngati si kanthu."

Apo m'pamene ndinadziwa kuti akudziwa, ndi kuti akuopa kuposa ine. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinawakwiyira mpaka ndinalephera kudya.

Chinawatsegula maso anthu ndi magazi. Tsiku lina a Alexio akupachika fodya m'chigafa anatsokomola, magazi anadontha pamasamba, iwo n'kukhala pansi osathanso kudzuka. A Festus anabwera akuthamanga, ndipo ulendo uno sanaseke. Tinawamangirira a Alexio kumsana kwa a Festus ndi chitenje changa kuti asagwe panjinga. Kuchokera kuchipatala cha kuboma anatitumiza kuchachikulu ku Lilongwe. Kumeneko tinapeza dokotala wachitsikana, wokulira kwina, wosamudziwa Chijekete. Anamvetsera a Alexio akuyankhula, nkhope yake osasuntha.

"Mayi, mawuwa anasintha liti?"

"Mwana wathu akuyamwa."

"Pano mwanayo ndi wamkulu bwanji?"

"Wayamba sukulu ya mkaka."

Anaika cholembera pansi. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Atawayeza anatiuza kuti ndi khansa ya pakhosi, ndipo yafalikira kale. Anati ikanapezeka chaka choyamba chija pakanakhala chochita. Anawaboola pakhosi n'kuikapo kapaipi kopumira, n'kutipatsa mankhwala opha ululu. Tinabwerera kumudzi a Alexio osatulutsanso liwu ngakhale limodzi.

Anzawo ankabwera kudzawazonda, n'kumakhala pamphasa mitu ili pansi. Kundiyang'ana kumaso sankatha. Tsiku lina a Festus anafika ndi foni, akuti mwana wa mlongo wawo wa kutauni wawapezera makatuni omwe aja pa intaneti, ndi mawu omwe. Amuna anaunjikana pafupi ndi wodwala. Tonde uja anatulukira, jekete lomwe lija, ine kumuona koyamba. Anagwa padenga, anadzuka, n'kuyankhula Chingerezi ndi timawu tating'ono toswekera m'mphuno. Palibe anaseka. Mmodzi anati, "Si ameneyu." A Festus anati ndi yemweyo, koma nawonso sankakhulupirira. A Alexio anayang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kukhoma, ndipo a Festus anaithimitsa foni ija.

Anamwalira mvula ili pakati, fodya asanakhwime. Maliro anali aakulu, poti mudzi uno unkawakonda, zimenezo sindingakane. Anthu omwe aja analira mpaka mawu kutha, ndipo ine sindinkadziwa ngati ndiwathamangitse kapena ndilire nawo.

Tsiku lometa, achibale atasonkhana pabwalo, Thoko anachoka pamiyendo panga n'kupita kwa a Festus. Anali atandimva ndikuuza abale anga ochokera ku Ntchisi kuti bambo ake sanabadwe ndi mawu osasa.

"Ankolo," anatero, "adadi asanadwale ankayankhula bwanji?"

A Festus anamwetulira, misozi ili m'maso. "Ankayankhula chonchi, mwanawe." Chala chawo chinanyamuka chokha kupita pakhosi. Chisanafike anachiona, n'kuchibweza msanga. Anayang'ana mnzawo amene anakhala naye pafupi. Ameneyo nayenso anayang'ana wina. Mwa amuna amene anakulira limodzi ndi a Alexio, amene anasoka nawo fodya moyo wonse, panalibe mmodzi wotha kunena kuti mawu awo enieni ankamveka bwanji. Onse anatembenukira kwa ine.

Ndinati mumtima, zitsiru inu, ndikuonetsani. Ndinatseka maso. Ndinabwerera kuchigayo cha kwathu kumene a Alexio anandipeza koyamba, thumba la chimanga lili panjinga yawo. Malaya amene anavala ndinawaona. Zimene ananena ndikuzidziwa zonse, anati, "Chemwali, ufa wanuwo ndikunyamulireni." Koma m'mutu mwanga mawuwo anabwera osasa. Ndinayesa tsiku la ukwati wathu, ndinayesa tsiku limene anamutcha dzina mwanayu, konseko anabwera osasa. Zaka za matenda zija zinali zitafufuta enawo.

"Amayi, inu nenani," anatero Thoko akundikoka chitenje.

Ndinamuuza kuti ndidzamuuza mawa. Mwanayo saiwala. Amandifunsabe, ndipo ine sindinamuyankhe mpaka lero.