Mwana Wanga Atayamba Kupempha Masamba

Mwana wanga wamkulu anapempha masamba. Zinayambira pamenepo. Anali ndi zaka zinayi, ndipo tsiku limenelo ndinali nditawagulira tchipisi cha pachiwaya, chotentha, mafuta akuchita kudontha m'jumbo, iye n'kuchiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Amayi, mpiru palibe?"

Ndinamugwira pachipumi. Thupi silinatenthe. Ndinamukoka chikope ngati mmene amachitira kusikelo kuti ndione ngati magazi alimo, ndipo analimo. Mng'ono wake, kamtsikana komwe kanali kasanakwanitse zaka zitatu, anali atamaliza kale gawo lake, dzanja likulowera m'mbale ya mkulu wake, ndiye ndinati chabwino, mmodzi yekha ndiye ali bwino.

Mundimvetse. Ine ndinakulira kumudzi m'boma la Lilongwe lomweli, kumene ndiwo ndi bonongwe lero, chisoso mawa, mfutso chilimwe chonse, moti tsiku lobwera m'tauni ndinalumbira mumtima kuti ana anga sadzatafuna tsamba ngati mbuzi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma ichi chokha ndinkachidziwa bwino, kuti mwana wa m'tauni amadya buledi, kamba, ndi soseji zinthu zikayenda. Ana anga ankalavula masamba ndipo ine ndinkanyadira. Ndinkachita kuwauza azimayi anzanga kutchalitchi kuti, "Awa masamba sadya," ngati ndikunena kuti akhoza mayeso.

Tinkakhala kukotala, kuseri kwa nyumba ya abwana anga ku Area 9. Abwanawo ndi amwenye, ali ndi shopu ya nsalu ku Old Town, ndipo ine yanga inali ntchito ya m'nyumba, kuchapa, kusita, kukolopa. Bambo a anawa ndi mlonda pa ofesi ina ku City Centre. Madamu ndi amene anandiuza za sukulu ya mkaka ya patchalitchi china chapafupi, kuti ana asamandizungulire m'miyendo ndikamakolopa. Ndinkawaperekeza m'mawa nsapato zikuwala, masokosi oyera mbee, masana n'kukawatenga, ndipo m'njira ndinkayenda ngati mayi wa nduna.

Sabata yomweyo ya tchipisi chija, ndikuchapa yunifolomu ya wamkuluyo, ndinapeza masamba m'thumba. Ofota, opindidwa bwinobwino ngati wina wachita kuwakonza. Tsiku lina ndinapezamonso ena, pamodzi ndi kamuzu kofiirira kolumidwa theka. Ndinamuitana, ndinamununkhiza m'kamwa, ndinamuona zobiriwira m'mano.

"Wakupatsa ndani zimenezi?"

"Anti."

"Anti ake ati?"

"Akusukulu. Amatipatsa tonse. Akuti tikamadya maso athu aziona bwino, ngakhale kukada."

Ngakhale kukada. Mwana wa zaka zinayi akaone chiyani kukada?

Kunyumba yoyandikana ndi yathu kunali mayi wina wantchito, wamkulupo kwa ine, amene tinkakumana naye pageti potulutsa zinyalala. Nditamuuza, anaika bini pansi, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Achemwali, zimayamba choncho. Sayamba ndi zazikulu ayi, amayamba ndi chakudya. Mwana akangolandira basi, mudzangoona m'mawa akudzuka wotopa, mapazi ali fumbi."

Kuyambira pamenepo ndinkawayang'ana ana mapazi m'mawa uliwonse. Fumbi linalipo ndithu, chifukwa ana anga mapazi awo sanayerepo chibadwire, koma ine ndinkaliona ngati fumbi lachilendo. Bambo awo nditawauza anayamba avula kaye jombo, n'kundiyang'ana kwa kanthawi.

"Ndiye ukuti mfiti za masiku ano zikugawa mpiru?"

"Inu mumaseka chilichonse."

"Sindikuseka. Ngati zikuthandizadi kuona mumdima umuuze andibweretsereko, tochi ya kuntchito ija mabatire anatha kalekale."

Ndinaona kuti pano ndili ndekha. M'mawa mwake nditawasiya ana ndinabwerera, ndinakolopa msangamsanga, ndinawauza madamu kuti ndikukagula sopo, koma ndinakhotera kusukulu kuja. Sindinadzere kugeti. Ndinazungulira kuseri, kumene mpanda wake ndi wa njerwa zamabowo, ndinagwada m'maudzu, diso limodzi pabowo.

Ndinaona dimba. Dimba lenileni, ngati la amalume anga kudambo, kungoti mabedi ake anali aafupi komanso opapatiza moti mwana atha kufika pakati ndi dzanja. Munali mpiru, repu, bonongwe wochita kubzala dala, tomato womangirira kutimitengo, ndi masamba ena osalala ngati nthenga amene sindinawadziwe. Ana anali balalabalala ndi tizitini toboola pansi, akutunga m'beseni n'kumathirira, theka la madzi likuthera m'nsapato. Wanga wamkulu anali atagwada m'matope ndi masokosi aja, akuzula udzu, lilime lili panja. Wamng'ono anali atakhala pansi akuyankhula ndi nyongolotsi.

Mantha anandichoka, koma m'malo mwake munalowa ukali. Ine kuthawa khasu kumudzi, kudzalipeza likundidikira mwana kuno?

"Mayi, mwataya chiyani?"

Ndinatembenuka. Anali anti aja, aphunzitsi awo, atanyamula ndowa ya manyowa imene anakatenga kuseri komweko. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji akuyang'ana mbuyo yanga ili m'mwamba.

"Ndolo," ndinatero, ine amene makutu anga sanaboolepo.

Anandiyang'ana makutuwo. "Geti lili uko, mayi, ndipo ndi lotsegula. Makolo timawalola."

Ndinalowa mawondo ali ndi zitsotso za udzu. Poti manyazi anali atandigwira kale, ndinati bola ndiyankhule zonse. Ndinati ine ana ndinawabweretsa kuti aphunzire Chingerezi, osati ganyu. Ndinati kulima akanakuphunzira kwa agogo awo kwaulere. Ndinafunsanso, mawu atatsika, za maso oona kukada zija.

Anti anaika ndowa pansi n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno. "Ndi karoti, mayi. Amathandiza maso. Sitinati aziuluka."

Kenako anandifotokozera bwinobwino. Anati ana ambiri amabwera ndi kamba ndi zakumwa zotsekemera, masana ukawapatsa masamba amakankha mbale. Koma mwana akabzala yekha, n'kuthirira yekha, n'kumabwera m'mawa kudzaona ngati chake chakula, tsiku lothyola salola kuti mnzake amudyere. Zina amatsuka n'kudya zosaphika, zina amakawaphikira kukhitchini. Masamba a m'thumba aja anati mwina amafuna kudzandionetsa ine, n'kuiwala.

Mwana wanga wamkulu atandiona anathamanga, anagwira masamba anthenga aja, anakoka, n'kutuluka karoti wokhota ngati chala cha nkhalamba. Anamutsuka m'beseni n'kundipatsa.

"Idyani amayi. Ndi wanga."

Ana onse anasiya zitini n'kundizungulira. Karoti ndinkamudziwa, ndinkawadulira madamu tsiku ndi tsiku, koma ndinali ndisanamulumepo wosaphika. Ndinaluma. Analira m'kamwa ngati chinangwa chachiwisi, ndipo kamnyamata kena kanati, "Atafune kaye asanameze," monga mmene anti amawauzira iwo. Ndinatafuna pamaso pa kalasi yonse. Sopo ndinaiwala kugula.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, ine chitsiru, anthu n'kuseka, basi. Ndinayamba kugula mpiru, ndinkawaphikira, onse awiri ankadya, ndipo ndinasiya kuwayang'ana mapazi. Ndinamasuka mtima. Apo ndiye ndinalakwitsa, chifukwa ine ndikamasuka mtima zinthu sizichedwa.

Linali Loweruka. Ndinkasita zovala za abwana m'kachipinda kochapira, ana akusewera panja, ndipo ndinkawamva. Kenako sindinawamve. Mayi aliyense amalidziwa phokoso la ana akakhala chete. Ndinaimika simbi, ndinatuluka, kukotala kulibe, kuthanki kulibe, kageti kolowera kumaluwa a madamu kali pululu.

Bwalo la madamu ndi lalikulu, kapinga wosalala, maluwa a mitundumitundu m'mbali mwa mpanda, ndipo kuli bambo ena achikulire amene amawasamalira. M'mawa womwewo ndinawaona bambowo atabereka mpope kumsana akupopera mankhwala, ndinawapatsa moni, osaganizapo kanthu. Ndinawapeza ana kukona, pansi pa chitsamba china cha maluwa okongola chimene dzina lake mpaka lero sindilidziwa. Wamkulu anali ataima manja kumbuyo ngati anti. Wamng'ono anali atakhala mwaulemu, tsamba lili m'manja, ndipo pamene linathyokera pankatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ngati wa nkhadze ija tinkaletsedwa kukhudza tili ana.

"Utafune kaye usanameze," anatero wamkulu.

Sindikumbukira mmene ndinadutsira kapinga uja. Wamng'onoyo ndinamumenya dzanja tsamba n'kugwa, ndinamupisa chala m'kamwa, ndinatulutsa kachidutswa kobiriwira, iye akulira, mkulu wake akulira, ine ndikufunsa wameza, wameza kapena sunameze, ngati mwana wa msinkhu umenewo angandiyankhe. Ndinathamanga naye kumpopi, ndinamutsuka m'kamwa, m'manja, kumaso, milomo ikuyamba kufiira. Madamu anatuluka atamva kukuwa. Sanafunse zambiri. Anathyola nthambi ya chitsambacho ndi pepala, anatenga makiyi, n'kuti, "Kwera."

Aka kanali koyamba kukhala kumpando wakutsogolo wa galimoto ya madamu, ndipo ndinakhalako ndi patapata imodzi, mwana pamiyendo, wina kumbuyo akusisima. Njira yonse ndinkamuitana kuti asatseke maso. Iye ankangofuna kugwira wailesi.

Kuchipatala anamwino anayang'ana nthambi ija, anamuyang'ana mwana m'kamwa ndi katochi, anamumvetsera pachifuwa. Anati zikuoneka kuti sanameze, kuwawa kwa utomoni n'kumene kunamuletsa, koma tikhale kaye pabenchi amuone. Anandikalipiranso pang'ono chifukwa cha chala chija, anati ndikanatha kukankhira tsambalo kukhosi. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Mwana anagona, anadzuka, n'kupempha nthochi.

Pabenchi paja ndi pamene ndinadziwerengera milandu. Ine amene ndinakwawa m'maudzu kufunafuna mfiti kuseri kwa tchalitchi, chinthu chenicheni ndinkachidutsa tsiku lililonse popita kukayanika zovala, n'kumachiyamikira kuti n'chokongola. Kumudzi mwana amakula akuuzidwa kuti ichi chimadyedwa, ichi chimapha, chifukwa amayenda ndi amake kumunda. Anga ndinali ndisanawauzepo chilichonse cha tsamba, poti ndinkafuna asalidziwe n'komwe. Kusukulu anaphunzira kuti zomera zimadyedwa, ndipo kusukuluko n'zoona, chifukwa m'dimba lawo mulibe china. Kunyumba ndiye kunalibe wowauza mbali inayo.

Titabwerera ndinalamula kuti kuyambira lero palibe kukhudza tsamba, kaya kusukulu kaya kuno. Wamkulu anangondiyang'ana ndi maso amene ndimawadziwa, chifukwa ndi anga, maso a munthu amene wamva koma akachita mobisa. Ndinaona kuti lamulo limeneli lingomuphunzitsa kuthyola ine ndisakuona.

Lolemba ndinakawauza anti zonse, ulendo uno podzera kugeti. Nkhope yawo inasintha. Anati amawauza ana kuti azifunsa kaye munthu wamkulu asanathyole, koma aziwonjezera kunena tsiku lililonse, ndipo awauzanso makolo ena. Anandipatsa mbande za mpiru ndi repu zokulunga m'nyuzipepala yonyowa, ndi njere za karoti pang'ono.

Madamu anawauza bambo a maluwa aja kuti adule chitsambacho ndi kukumba chitsa chake. Bambowo anadandaula, anati chinawavuta kumeretsa, koma anadula. Ine ndinawapempha kuti tsiku lopopera azindigogodera kaye, ndipo amatero, amafika pakhomo n'kuti, "Mwana wanga, lero ndi la mpope, atsekere anthu ako." Bambo a anawa anakhomera loko wa kageti kaja m'mwamba, pamene ngakhale ine ndimachita kunyanyamphira.

Ndinapempha matumba a mpunga otha kukhitchini ya madamu. Ndinawadzaza dothi losakaniza ndi manyowa, ndinawaboola m'mbali, ndinawandanda kuseri kwa kotala, kutali ndi kumene mphepo ya mpope imafika, pamalo amene ndimawaona ndili pawindo la kochapira. Ana anabzala okha, mizere yokhotakhota, ine ndikudziluma lilime kuti ndisawakonzere. Ndinang'amba chitenje changa chakale chofiira n'kumanga kansalu pathumba lililonse.

Kenako ndinawagwira manja, wina uku wina uku, ndinawayendetsa bwalo lonse la madamu, chomera ndi chomera. Pa chilichonse ndinkaima n'kufunsa, "Chili ndi nsalu?" Iwo, "Ayi." "Ndiye?" "Sitidya." Bambo a maluwa anaima ndi fosholo akutiyang'ana, madamu ali pawindo, ine osasamala. Tinafunsa maluwa, tinafunsa kapinga, tinafunsa ngakhale mtengo wa mapeyala, umene wamkulu anautsutsira kuti mapeyala timadya, ndipo ndinati amenewo ndizikupatsa ndine.

Timabwereza Loweruka lililonse ndisanayatse simbi. Kansalu kakasuluka kapena kakathothoka ndi mvula, ndimamanga kena tsiku lomwelo.