Timibulu ta Ba Exildah

Mukafika ku Kalingalinga n'kufunsa nyumba ya Exildah Kapambwe, anthu adzangokuyang'anani. Koma nenani kuti mukufuna ba mbuya ba tuswiti, ngakhale kamwana kopanda kabudula kadzakugwirani dzanja mpaka pageti la malata, kuseri kwa akalipentala opanga zitseko. Eni ake dzinalo salifunanso masiku ano, koma dzina la m'komboni silichoka ndi sopo. Ine Justina ndakhala nawo moyandikana zaka zambiri, timatunga pampopi umodzi, ndipo takanganapo za mzere wa ndowa kambirimbiri. Choncho zimene ndinene panozi sindinazitole m'basi ayi.

Anabadwira ku Mufulira, bambo awo akugwira ntchito mumgodi. Ankafuna unesi. Mpaka lero akaona yunifolomu yoyera amaima n'kuiperekeza ndi maso. Koma sukulu inathera mu giredi seveni, kenako ukwati ndi Ba Kangwa, kalipentala wa mawu ochepa amene anawabweretsa ku Lusaka. Bamboyo anamwalira atangomaliza kukhoma denga la nyumba, n'kuwasiyira ana aamuna awiri ndi macheka. Ndiye mayi aja anayamba kuyenda wapansi m'mawa uliwonse kupita ku Kabulonga, kukachapa ndi kukolopa m'nyumba ya mzungu wina wamkazi.

Timibulu tinachokera kumeneko. Chaka china mwana wawo Kabwe anadwala katsabola, matuza amadzi aja thupi lonse, akudzikanda ngati wagona pachitedze. Madamu uja sankafuna kumva za mapilisi a kuchipatala. Anatsegula bokosi la timabotolo n'kupatsa Ba Exildah timibulu toyera, tating'ono ngati mawere, totsekemera. Anawapatsanso malamulo ake: osatigwira ndi manja, muzitithira pachivundikiro, muziika pansi pa lilime, ndipo mwana asadye kanthu nthawi yomweyo. Kabwe anachira. Nanga katsabola sachira yekha? Koma zimenezo tikuzidziwa lero. Nthawi ija tinangoti mankhwala achizungu ndi achizungu basi.

Madamu pobwerera kwawo anasiya bokosi lonse. Anasiyanso chiphunzitso chimodzi chimene chinachititsa kuti mankhwalawo asathe: akuti akasungunulidwa m'madzi ambiri, m'pamene mphamvu yake imakula. Ha! Ba Exildah ankaponya kambulu kamodzi m'botolo la madzi, kulimenyetsa pa Baibulo, kutapa supuni imodzi kuthira m'botolo lina, kumenyetsanso. Mwana wodwala ankalandira kambulu kouma tsiku loyamba lokha, masiku enawo madzi. Bokosi limene likanatha chaka chimodzi linakalamba nawo limodzi. Ana a m'komboni, akuba aja, ena ankadzikanda dala pageti kuti alaweko kaswiti.

Sankalipiritsa. Ndinene zimenezi poyera, chifukwa pali anthu a pakamwa poyabwa amene tsopano akuti inali bizinesi. Bodza! Mayi amenewa ankasiya ndiwo pamoto kukaona mwana wa munthu amene sanawapatse moni chaka chathunthu. Ankafika ndi kachikwama kawo, kusamba m'manja, kukweza malaya a mwana, kuyang'ana pamimba ndi kumsana mosapupuluma. Ukawayang'ana nkhope nthawi imeneyo umaona munthu wokhutira. Ndikuganiza kuti m'mphindi zimenezo mokha ndi mmene ankamva kuti moyo sunawalande zonse. Ana anga onse anamwa madzi aja, ndipo woyamba kuwatama pampopi ndinali ine.

Panalinso malamulo ena amene sanachokere kwa madamu, athuathu, amene tonse tinakula nawo. Zotuluka pakhungu ziyenera kutuluka zonse. Mwana asapite pamphepo, chifukwa mphepo imazibweza m'kati. Jakisoni ndiye woipitsitsa, akuti zikabwerera zimakatulukira m'mapapo. Ba Exildah anasakaniza za mzungu ndi za makolo mumphika umodzi, ndipo poti ana a katsabola ankachirabe, palibe anafunsa.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli zipinda ziwiri za lendi. M'chimodzi munkakhala Kasonde, wowotcherera mageti, ndi mkazi wake Mwiche, mtsikana wofatsa wa ku Mporokoso, wogwada ngakhale popereka machesi. Mwana wawo Luse anali wa zaka zitatu, kamtsikana ka maso akuluakulu, kolongolola kuyambira m'mawa. Anabadwa nthawi ya korona, pamene tonse tinkaopa kuponda pakiliniki, ndiye katemera wina anamudutsa. Mwiche ankawaitana Ba Exildah kuti ba mayo, ndipo iwo ankamutenga ngati mwana wamkazi amene Mulungu sanawapatse. Luse ankadya kwawo, kugona masana pabedi pawo.

Nyengo yotentha ina Luse anayamba kutentha thupi, chimfine, chifuwa, maso ofiira otuluka misozi. Patapita masiku, tizidzolo tinayamba kuseri kwa makutu n'kufalikira kumaso. Kasonde anali ku Kafue kukawotcherera mpanda wa munthu. M'mawa wina ndili pampopi ndinaona Mwiche akutuluka, mwana kumbuyo, atamufunditsa thaulo kumutu chifukwa kuwala kunkamupweteka. Ba Exildah anali akusesa pabwalo.

"Uyenda kuti na mwana wodwala mu mphepo iyi?"

"Ku kiliniki, ba mayo. Maso yake yanichititsa mantha."

Ba Exildah anatsamiritsa tsache pakhoma, anakweza thaulo lija, n'kuseka pang'ono. "Iwe, ivi ni votuluka chabe. Vatuluka bwino maningi. Ukamupeleka kuja bazamulasa nyeleti ya jakisoni, vibwelele mukati, uzalila. Bana bangati napoletsa muno mu komboni? Leta kuno."

Mwiche anaima. Ndinamuona bwinobwino akuyang'ana kugeti, kenako kwa mayi aja. Mwana wa munthu ameneyu mtima wake unkadziwa. Koma akanatsutsa bwanji munthu wamkulu, mwini nyumba, amene anamugwira dzanja tsiku lobereka? Ba Exildah anamasula okha mfundo ya chitenje pachifuwa pa Mwiche, n'kumulandira Luse. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Amene anayambitsa mwambi umenewo ndikanakonda abwere adzaone zimene zinagonera kuseri kwa geti lija. Ine ndinasenza ndowa yanga n'kumapita, ndikuti mwana ali m'manja abwino.

Sanali katsabola. Chinali chikuku, ndipo chikuku sichisewera. Ba Exildah anali asanachionepo pafupi, poti ana ambiri masiku ano amabayidwa katemera. Kwa iwo zotuluka zinali zotuluka basi. Anatseka zenera ndi bulangete, anaika kambulu pansi pa lilime, madzi a m'botolo m'mawa ndi madzulo. Kusamala anasamala, sindingawanamizire. Ankamupukuta thukuta, kumuimbira nyimbo za kutchalitchi, kumunyengerera phala. Maso atayamba kumatirira mafinya, anatenga madzi omwe aja n'kumadonthezamo ndi nsonga ya nsalu. Mwiche akati, "Ba mayo, satsegula maso," iwo ankayankha kuti, "Ni mphamvu ya mankhwala. Vimayamba vaipa, elo vipola." Nazonso anazimva kwa madamu, kuti matenda amayamba akula kaye asanathe.

Kasonde atabwera Loweruka anangokweza bulangete, kuyang'ana kamodzi, n'kunyamula mwana kutuluka naye, ovololo ili m'thupi. Ku kiliniki sanawasunge, anawatumiza ku chipatala chachikulu. Tsiku lotsatira Mwiche anandiimbira foni akulira. Moyo akuti upulumuka. Nkhani inali maso. Zilonda zinali zitadya kale pamwamba pa maso onse awiri, ndipo madokotala sankalonjeza kanthu. Nesi wina anamuuza kuti akanabwera tsiku lija, pali kambulu kofiira ka vitamini kamene amafinyira m'kamwa mwa mwana wa chikuku, kamene kamathandiza kuteteza maso. Abale inu! Ndipo kiliniki yake ndi yoyenda wapansi.

Amene ndinakawauza Ba Exildah ndine. Anakhala pansi pomwepo pafumbi, miyendo tambalale.

"Mwiche anali anamanga kudala mwana kumbuyo," anatero. "Nine ninamasula. Na manja aya."

Anabwereza mawuwo mpaka ndinapsa mtima n'kuwakalipira kuti kulira sikutsegula diso, dzukani tipemphere. Anadzuka. Tinagwada, azimayi awiri akuluakulu, koma nanenso pemphero linandikanika.

Masabata amene Luse anali m'chipatala, mayi aja anatha thupi ife tikuona. Timabotolo tija anatitaya m'chimbudzi, kamodzikamodzi, bokosi n'kuliwotcha pambaula. M'mawa uliwonse ankaphika phala la nsinjiro, kukwera basi, kufika pakhomo la wodi, n'kupempha aliyense wolowa kuti akapereke. Iwo kulowa ayi. Ankabwerera kunyumba n'kudzandifunsa ine amene ndinkalowa: "Bandeji bachosa? Aona?" Ndinkati sanachotse. Azimayi ena amene nkhani inali isanawapeze ankabwerabe pageti ndi ana a zidzolo, ndipo ankawathamangitsa ndi ukali umene sitinkawadziwa nawo.

"Ku kiliniki! Manje manje! Ine sindine dokota, nine wowasha vovala!"

Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti palibe anawanena. Tsiku lina Mwiche atabwera kudzatenga zovala, anapeza achibale a Kasonde ochokera ku Matero atakhala pabwalo akumudikira. Anamuika pakati. Mayi wamtundu wanji amene amasunga mwana m'nyumba mpaka maso kuonongeka? Anakuuza ndani zimenezo? Mwiche anagwada, mutu pansi, nati, "Kulibe. Nine neka."

Ba Exildah anamva ali m'nyumba mwawo. Anatuluka chitenje chikugwa, n'kuima pamaso pa onse. Anati mtsikanayu musamunene, anali kale panjira, amene ndinamubweza ndine, tukwanani ine. Mukudziwa anayankhidwa chiyani? Mkulu wake wa Kasonde anaimirira, navula chipewa.

"Awe ba mayo, imwe munali kuthandiza chabe. Mwana ali na nyina wake."

N'kuwapatsa mpando! Munthu wamkulu satukwanidwa, ndiye mlandu wonse unabwerera pamutu pa mtsikana uja, iwo atakhala pampando wa ulemu akumvetsera. Ine ndinalowererapo ndi pakamwa pangapa, koma anandiuza kuti za banja la eni zisandikhudze. Alendo atapita Ba Exildah anabwera kwanga, anakana tiyi, nati, "Justina, bakananimenya mbama nikanapumulako."

Kuyambira tsiku limenelo funso lawo linali limodzi, m'mawa, masana, pampopi, pakhomo la tchalitchi: kodi aona? Ankati ngakhale diso limodzi, Mulungu andichitire chifundo, ngakhale limodzi lokha, kuti mwanayu adzathe kupita kusukulu. Mwiche pafoni sankanena zambiri. Ankangoti madokotala akuyesa.

Luse anatuluka mvula yoyamba itagwa. Ba Exildah anali atakolopa chipinda cha lendi cha Mwiche, kuchapa mabulangete, kukazinga zitumbuwa zimene mwanayo ankakonda. Koma takisi itaima pageti anathawira m'nyumba mwawo n'kutseka chitseko. Ndinachita kukawakoka, ndikuwauza kuti mubisala mpaka liti, nyumba yake ndi yomweyi.

Mwana anali atakhala pakhonde, wowonda, akusisita kansalu m'manja. Diso lamanzere linali loyera ngati mkaka. Lamanja linali lotsinzina pang'ono, lonyowa. Ba Exildah anayandikira mwakachetechete chakumanzere kwake, anagwada, natambasula dzanja ndi chitumbuwa pafupi ndi tsaya lake. Mwana sanatembenuke. Dzanja lija linakhala m'malere.

"Luse," anatero.

Nkhope ya mwana inawala. "Ba mbuya! Muli kuti?" Anazunguza mutu akusekerera, timanja tikufufuza mumphepo. "Nabwela, ba mbuya. Ninakusowani."

Mwiche anali pakhomo, chikwama cha zovala chili m'manja. Analankhula mofatsa, mwaulemu, popanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Muzibwelela uku ku lamanja, ba mayo. Uko muli sazaonako futi."

Ba Exildah sanaimirire. Anayenda chogwada pasimenti, kuzungulira mwana uja mpaka kudzanja lamanja, chitumbuwa chili m'manja.