Kabodi Kodzuka Msanga Kuposa Abwana Ake

Pa msika wa ku Ruwa palibe wogulitsa amene anandidyapo ine. Ndimatsitsa mtengo mpaka mwini katundu ayambe kundipepesa. Ndi mtima umenewu ndinapita kukagula timabodi toyezera kutentha m'mabalani a fodya pa purazi lathu, famu ya ku Arcturus.

Manijala anali atandiuza mosabisa: fodya alowa m'balani Lachisanu, ndipo timakina tanga tikapanda kuonetsa kutentha pofika tsikulo, ndibwerera kosonkha moto kumene ananditenga. Ine utsi wa balani ndinali nditautsanzika kale, ndi mwano womwe.

Wogulitsa anali mudhara wina, bambo wachikulire wa Chisilamu, wa kofia yoyera, makolo ake a ku Mangochi. Anandionetsa timabodi tinayi, kalikonse ngati chikhatho, pamodzi ndi makhadi ake osungira mafayilo.

"Makhadi sindikufuna, amalume. Chotsani mtengo wake."

"Nanga tizidzukira pati, mphwanga?"

"Pa netiweki. Mafayilo onse akhala mu kompyuta ya mu ofesi. Kabodi kakayaka kazipempha komweko kudzera pa chingwe."

Anamwetulira n'kundikulungira timabodi m'nyuzi. Ine ndinati uku ndi kumwetulira kwa munthu wogonja.

Lachitatu ndinayala zingwe, ndinaika mafayilo mu kompyuta ija, ndinalemba maadiresi. Mu ofesi yathu zonse zimayaka ndi swichi imodzi ya pakhoma, chifukwa masoketi ali kuseri kwa kabati yosasunthika. Ndinalumikiza laputopu kuti ndiziona zimene kabodi kakunena, ndinaitana manijala, n'kudina swichi ngati nduna yotsegulira mlatho.

Mizere inathamanga pa sikirini. Kabodi kanapeza adiresi, kanapempha mafayilo, kanapemphanso, kenako kanalemba kuti sikakupeza poyambira. Zii.

"Ndi kutentha kumeneko?" anafunsa manijala.

Ndinasintha chingwe, ndinazimitsa pakhoma, ndinayatsa. Zomwezo. Ndinaonanso ngati kompyuta ikulola adiresi ya kabodi, inkalola. Kabodi kachiwiri, kachitatu, kachinayi, timabodi tonse tinafera pa mzere umodzimodzi.

Lachinayi ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, ndili piringupiringu. Ndisanafike n'komwe pa tebulo lake ndinakuwa, "Amalume, mwayamba kugulitsa mitembo?" Amayi a tomato anasiya makasitomala n'kuyandikira.

Mudhara anapitiriza kusenda lalanje. Nditafotokoza zonse anafunsa, "Kompyuta ya mu ofesiyo ndi ya liti?"

"Yakale kuposa foromani."

"Ukaiyatsa imatha nthawi yaitali bwanji isanatsegule maso?"

Ndinakumbukira kuti kalaliki amaiyatsa n'kupita kukaphika tiyi. Ndinamuuza.

"Ehee," anatero. "Wantchito wadzuka, wagogoda kwa abwana, abwana ali mkonono, wantchito watopa. Iwe m'malo modzutsa wantchito yekha, ukugonekanso onse awiri. Kauze kabodi kazidikira. Mzere wake ndikulembera, koma mtengo ndi uwu: kwera pa kireti, uuze anthu awa katatu kuti katundu wanga ndi wamoyo, wopupuluma ndiwe."

Apa magazi a ukatswiri anabwerera. "Katatu n'kudula, amalume. Kamodzi."

"Kawiri."

"Kawiri, koma nditaima pansi."

"Pansi, koma mawu oti wopupuluma sachoka."

Ndinayesa kuchokapo ngati sindikufuna, monga ndimachitira. Sanandiitane. Ndinabwerera ndekha, ndinanena kawiri, amayi a tomato akuyankha ngati kwaya.

Kamzere kaja ndinakaonjezera pa malangizo oyatsira kabodi: dikira mphindi zisanu usanapemphe. Ndinadina swichi, tinadikira, manijala akugwedeza makiyi a thirakitala. Kabodi kanagogoda, abwana anatsegula. Lachisanu fodya analowa, manambala a kutentha akusintha pa sikirini, fosholo ya malasha ili m'manja mwa ena.

Makhadi aja sindinagule mpaka lero, ndipo mzere ndinaupeza osatulutsa kobiri. Koma ndikangotsika kombi ku Ruwa, amayi a tomato amayamba, "Wabwera wa mitembo uja!" ndipo mtengo wa tomato sautsitsanso. Ndiye tandiuzani inu, anapambana ndani?