Tsiku limene mimba yanga inakhala phata la atomu

Mwana wa mlongo wanga, amene timamutcha Makani, anabadwa atakunga chibakera. Azamba anachita kuitana anzawo kuti amutambasule zala. Atakula anakhala mphunzitsi wa fizikisi pa sukulu yopanda chipangizo ndi chimodzi chomwe, kupatula masitepe okwera ku ofesi ya ahedi. Iye anati amenewo akwana.

Ankaimika ana pamasitepepo, aliyense n'kukhala elekitironi, kanthu kozungulira phata la atomu. Lamulo linali lakuti elekitironi imaima pa sitepe, osati m'malere. Ikatsika imatulutsa kuwala, ndiye mwana wodumpha pang'ono ankakuwa kuti "Kufiira!", wodumpha kwambiri "Buluu!" Phokosolo linkagwetsa makalendala m'nyumba zoyandikana ndi sukuluyo.

Ahedi zinawakwana. "Madamu, ndikadzamvanso buluu, mulongedze. Ntchito yatha."

M'mawa mwake Makani anandidzera. "Amalume, mimba yanuyo yapeza ntchito. Mukakhala phata la atomu."

Anandikhazika pansi penipeni pa masitepe, ana n'kudzaza mpaka pamwamba. Buluu woyamba atangomveka, chitseko cha ofesi chinatseguka ngati chawombedwa ndi mphenzi. Ahedi anayamba kuchotsa ana. Wapamwamba anathawa atangoyang'anidwa. Wotsatira anachita kumukalipira. Wapakati mpaka kumukoka kolala. Pa sitepe yomaliza anapezapo mwana wawo yemwe, chimphona chogwira pagolo, atakakamira lamba wanga ndi manja onse.

"Iwe, asiye bambowo!"

"Adadi, ine ndili pafupi ndi phata. Onjezerani mphamvu."

Anakoka. Thukuta lawo linasefukira mpaka ana anavula nsapato. Lamba wanga anatalika moti lero ndimamangira katundu pa lole.

Makani sanaphethire n'komwe. "Mwaona, ana inu? Elekitironi yakutali imachoka ndi mphamvu yochepa, yapafupi ndi phata imalira yochuluka. Awombereni m'manja ahedi, atithandiza." Kenako anawatembenukira. "Bwana, kulongedza ndilongedza, koma belu likalira. Phunziro langa sindilisiyira panjira."

Ahedi anangoti khu! pa sitepe, ali wefuwefu. Belu linalira, iwo mpweya woti anenere za kulongedza analibe. Atanyamuka anakwera pang'onopang'ono, mwana wina n'kunong'ona kuti elekitironi yatuluka.

Sabata yotsatira anasamutsira ofesi yawo kuseri kwa sukulu. Makani akadali pamasitepe ake, buluu akumveka tsiku ndi tsiku. Ine thalauza langa likuyenda ndi chingwe.