Madontho a Dzimbiri pa Bogi

"Kuno usamapatse munthu kiyi wako, ngakhale amene umakhala naye benchi imodzi kutchalitchi." Anandiuza zimenezi mayi wina wa ku Chipata, namwino, nditangofika kumene ku Toronto m'zaka za m'ma 1970. Ndinangoseka. Masiku amenewo kuseka kunali kusanandithere.

Bambo a ana anga anabwera kudzaphunzira, ine n'kutsatira ndi mwana kumsana. Ntchito yanga yoyamba inali yokolopa maofesi anthu akaweruka. Bambo a mwanayo nawonso ankagwira ganyu nthawi yomweyo, ndiye mwana ndinkamusiya kwa mayi wa pafulati yoyandikana nayo ku Scarborough, munthu amene sindinkadziwa ngakhale zimene ankamudyetsa. Choncho itapezeka ntchito ya masana, yoti madzulo ndizigoneka mwana wanga ndekha, ndinailandira ndi manja awiri.

Azibambo ena okalamba, opuma pantchito ya njanji, anagula bogi yakale ya sitima yonyamula anthu n'kuiimika pa kanjanji kosagwiranso ntchito, kuseri kwa mafakitale panjira ya ku Oshawa. Sinkayendanso. Iwo ankangofuna kuti isawonongeke, anthu azibwera kudzaiona Loweruka. Kunja kwake konse kunali chitsulo choyera chija amati sichichita dzimbiri, chamizeremizere ngati malata, kuyambira uku mpaka uko.

Mkulu wawo, mzungu wogontha khutu limodzi, ndiye anandionetsa katsukidwe kake. Sopo wamadzi, madzi ofunda, nsalu yofewa, basi. Dzanja lizitsatira mizere ya chitsulo, osalizunguza. "Chitsulo ichi chili ndi khungu lake," anatero mokuwa, monga amayankhulira ogontha. "Ukalikanda, chimadwala." Kenako anandipatsa kiyi wa geti ndi wa bogi.

Inali ntchito yothyola mapewa. Kukwera makwerero ndi ndowa, kutsika, kusuntha makwerero, kukweranso. Nyengo yachisanu mphepo inkabweretsa mchere umene amathira mumsewu kuti madzi oundana asungunuke, n'kuumata m'mizeremo, zala zanga n'kumang'ambika. M'kati munkanunkha fodya wa anthu amene mwina anafa kale. Koma dzuwa likamapendeka ndinali pa basi, kubwerera kwa mwana wanga.

Chisanu chitangotha, mwanayo anadwala chikuku. M'nyumba yathu yosanja yomweyo munali mayi ena achikulire a ku Ntcheu, amene anabwera kudzathandiza mwana wawo atachira. Tinkapemphera limodzi. Analowa dziko lino ngati mlendo, ndipo mapepala awo sankawalola kugwira ntchito. Anabwera kudzazonda, koma anaima pakhomo, poopa kutengera matenda kwa kakhanda kawo.

"Ndiye sitima yako ija akutsuka ndani?" anafunsa.

"Palibe, mayi. Loweruka kukubwera alendo, sindikudziwa kuti ndiwauza chiyani azungu aja."

"Bweretsa kuno makiyiwo. Mkamwini wanga andiperekeza pa galimoto."

"Mungosesa m'kati mokha, mayi. Kunjaku kumafuna nsalu yofewa, komanso..."

"Iwe mwana iwe! Ndakwatitsa ana ine, lero undiphunzitse kutsuka? Mmene ndinkayamba kukwecha mapoto n'kuti amako asanamere ndi mano omwe."

Munthu wamkulu sumuuza chinthu kawiri. Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa makiyi.

Mwana atapezako bwino ndinabwerera kuntchito, n'kupeza mbali imodzi ya bogi ikuwala ngati kalilole, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja la munthu wamfupi lingafike. Nditayandikira ndinaona timizere tozungulirazungulira, tija timakhala kunsi kwa poto wa mayi waukhondo.

Madzulo ndinawafunsa mwaulemu kuti anatsukira chiyani.

"Waya wokwechera mapoto, nanga n'chiyani? Ndinatenga wanga. Phulusa ndinatapa m'mbaula ya m'kashedi kawo kaja. Tinsalu tako tija n'topukutira mamina. Yawala eti? Azungu aone mmene timatsukira kwathu!"

Ndinati zikomo, mayi. Ndikanati chiyani?

Azibambo aja poyamba anangoti bogi yawala. Koma kunagwa mvula, dzuwa n'kuomba, mvula n'kugwanso, ndipo mbali yonse ija inatuluka timadontho tofiirira, ngati chikuku cha mwana wanga chasamukira pa chitsulo. Mkulu uja anandiitana. Anayendetsa chala pamadonthopo. Anati waya umasiya tizidutswa take m'khungu la chitsulo, ndipo tizidutswato ndi timene timachita dzimbiri.

"Wagwira apa ndi waya ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Ndikanatchula mayi aja, nkhani ikanafika pa mapepala awo, ndi pa mkamwini wawo amene anawabweretsa, ndi pa kiyi amene anatuluka m'manja mwanga. A kwathu tinalipo ochepa kwambiri nthawi imeneyo, moti tonse tinkakwana m'chipinda chimodzi chochezera. Wopereka gogo wa eni ake kwa azungu akanakhala pati m'chipinda chimenecho?

"Ndine," ndinatero.

"Ukuti chiyani?" Anatembenuza khutu labwino lija.

Ndinachita kubwereza mokuwa, anzake onse akumva.

Anandipatsa mankhwala ena ophalaphala ngati phala la mwana, oti ndizipaka ndi nsalu motsatira mizere. Nyengo yotentha yonse inathera pamenepo, mzere ndi mzere, chitsulo chikundiwotcha kumaso. Tsopano pambali panga pankakhala mmodzi wa azibambo aja pa mpando, nyuzi ili m'manja koma maso ali pa ine. Madontho anachoka. Zozungulira zija sizinachoke. Dzuwa likapendeka zinkaonekera patali, ndipo alendo ankaziloza.

Masamba atayamba kufiira, mkulu uja anandipempha makiyi. Sanakalipe. Anangoti apeza wina. Ndinabwerera kokolopa maofesi, mwana n'kubwereranso kwa mayi woyandikana naye uja, ndipo zinakhala choncho mpaka anayamba sukulu. Mayi a ku Ntcheu aja anakwera ndege osadziwa kanthu. Ndinamva kuti mpaka imfa yawo ankasimba kumudzi kuti anakatsuka sitima ya azungu mpaka kuwala.

Sindinawakwiyire. Ankandithandiza ndi mtima wonse, ndipo chimene chimandiopsa mpaka lero n'chomwecho. Woipa mtima umamuonera patali. Wabwino mtima amalowa mpaka kukhitchini. Zidzukulu zanga zimandiseka m'Chingerezi chawocho kuti agogo salola munthu kuwatsukira ngakhale kapu. Ziziseka.

Panopa ndatsala ndekha, m'mwamba muno ku Scarborough komwe kuno. Phewa lamanja silikwezekanso, ndipo chikepe chokwerera m'nyumba muno chikafa ndimatha masiku osaponda pansi. Inu amene mwawerenga izi, mukamadutsa cha kuno tagogodaniko. Ndiyamba ndakusuzumirani pa kabowo, ndikufunsani kuti ndinu mwana wa yani, ndipo mwina ndikufunsaninso kachiwiri. Musafulumire kubwerera. Miyendo ndi imene ikuchedwa masiku ano, koma ndimafika pachitseko.