Ng'oma ya pa Chiliza cha a Phiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kalembedwe. Tili pa holide ya giredi 11, a Tembo, amene amaumba ziliza kuseri kwa msika wa Chadiza, anaona chikwangwani chomwe ndinawalembera amayi pa tebulo lawo la tomato. Anati maso awo ayamba kuchita chidima, akufuna wowajambulira zilembo.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Eni maliro amanena mawu, timalemba papepala, iwo n'kusaina. Ine ndinkajambula mizere ndi rula pamwala, n'kukopera zilembo ndi pensulo ya akalipentala. A Tembo ankagoba ndi tchizulo ndi hamala, kenako ine ndinkalowetsa penti wakuda m'mizeremo ndi kaburashi. "Mwala si kope la kusukulu, mwana wanga," anandiuza tsiku loyamba. "Ulibe chofufutira."

Chomwe chinandisowetsa mtendere chinali chiliza cha malemu a Phiri a ku Zingalume. Mlongo wawo, a Naphiri, ndiwo anadinda chala papepala. Anafuna dzina, zaka, ndi chithunzi cha ng'oma m'munsi, poti malemuwo ankaimbira gule moyo wawo wonse.

Lachisanu a Tembo atapita ku Chipata kukagula simenti, kunabwera a Yoswa, mwana wa malemuwo, yemwenso ndi mkulu wa mpingo wathu.

"Mlongo, bambo anga sangagone pansi pa ng'oma ya zinyau. Fafaniza, tiikepo vesi."

Ndinati tidikire a Tembo. A Yoswa anakhala pa thumba la mchenga n'kundilalikira ola lathunthu. Nditati ndipite kukatunga madzi, ananditsatira mpaka kumpopi. Pomaliza anafunsa, "Iwe woimba kwaya, uli mbali ya kuunika kapena ya mdima?"

Ndinatenga sandipepa. Galainda, makina opalira mwala, ndimaiopa, ndipo mwayi wanga unali womwewo, poti ndi sandipepa ntchito imachedwa. Ndinali nditapala theka la ng'omayo pamene a Tembo anatulukira.

"Wasaina ndani?"

"Ndine mwana wawo," anayankha a Yoswa.

"Papepala pali chala cha azakhali anu. Kusintha mawu a pachiliza popanda amene anasaina ndi mlandu wa kukhoti. Ndipo woyamba kuitanidwa ndi amene wagwira sandipepa."

A Yoswa anayang'ana manja anga, oyera ndi fumbi, n'kusasa thalauza lawo. "Inetu sindinakhudze kalikonse. Ndimangopereka maganizo."

Mpaka lero mawu amenewa ndikawakumbukira mtima umawira. Munthu wandilalikira ola lonse, basi wangopereka maganizo! Ndinaona khoti, ndinaona amayi akumva nkhani yanga pamsika, ndinaona ahedi akundifunsa sukulu ikatsegulidwa.

A Tembo sanandikalipire. Anangondipatsa kaburashi. Iwo anagobanso mizere ya ng'oma, ine ndinapentanso, zala zikuwawa ndi matuza.

Loweruka m'mawa a Naphiri anabwera pangolo kudzatenga mwala. Sadziwa kuwerenga, choncho anayendetsa zala pa chilembo chilichonse. Atafika pa ng'oma anaima.

"Apa padutsa dzanja lina."

Ndinagwada n'kuulula zonse, a Tembo asananene kanthu. A Naphiri anachotsa dzanja pamwalapo.

"Yoswa akanabwera kwa ine, vesi lakelo tikanaliika kumbuyo. Kodi mwala ulibe msana? Koma iye wasankha kutuma mwana wa eni." Anatembenukira kwa a Tembo. "Za khoti zisiyeni. Kwezani, ng'ombe zatopa ndi dzuwa."

Ntchito sinandithere. Ndinagwira mpaka sukulu itatsegulidwa, ndipo ndikufuna kudzabwereranso ndikalemba mayeso. Lamulungu lotsatira a Yoswa anandipatsa moni pakhomo la tchalitchi akumwetulira, ngati sipanachitike kanthu, n'kufunsa ngati ndingawalembere chikwangwani cha msonkhano wa achinyamata. Ndinawauza kuti alembe mawuwo papepala, asaine.

Phunziro lake ndinalisunga. Wina abwere ndi misozi, wina ndi Baibulo, wina ndi ukali, ndimayamba ndafunsa amene anasaina. Ngati si iyeyo, manja anga amakhala kumbuyo.