Tsiku limene ndinasakaniza mlaza wa agogo

Fungo la mlaza wowiritsidwa mu utoto likangondipeza, ngakhale pamsika wa m'tauni, ndimabwerera pakhonde la agogo anga aNambewe, kumudzi kwathu kufupi ndi Mtakataka. Ndimawaona atatambalala pansi, chitini cha utoto chikubwata pamafuwa, utsi wa zitsononkho ukukwawa pansi pa denga, zala zawo zikuthamanga pamlaza kuti tswa tswa tswa. Ankaluka mizere italiitali n'kuisoka pamodzi kukhala mkeka, ndipo amayi anzawo popita ndi mikeka kumsika wa Golomoti ankadziwiratu kuti wa aNambewe ndiwo uyambe kugulidwa.

Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho tinkakhala awiriwiri. Ndili ndi zaka khumi, maso a agogo anayamba kuchita chifunga, ndipo anauza ine ndekha.

"Iwe Tamala, usauze munthu. Amalume ako akamva andinyamula ngati thumba la chimanga kupita nane ku Lilongwe. Ine ndifere pano, andiike pafupi ndi agogo ako aamuna."

Basi ndinasanduka maso awo. M'mawa uliwonse ndinkawayalira mlaza, wofiira kumanja, wobiriwira kumanzere, woyera pamiyendo. Singano ikagwa, nditole ndine. Mlendo akamabwera poteropo, ndiwanong'oneze dzina kuti amulonjere ngati amuona. Kusukulu ndinkapita mwa apo ndi apo, kenako ndinasiyiratu. Ndisaname, zinkandiwawa. Anzanga akamadutsa atavala yunifolomu, ndinkawanenera agogo zoipa chamumtima, Mulungu andikhululukire.

Tsiku lina aphunzitsi anatuma mwana kudzanena kuti dzina langa alifufuta. Ndinakalira kuseri kwa nkhokwe mpaka mutu kuwawa, ndipo pobwerako ndinachita dala: ndinasakaniza mitundu yonse itatu m'milu yonse. Agogo anatola mlaza umodzi, nauyendetsa pakati pa zala, kenako anayamba kuluka. Masiku anayi ine ndikusakaniza, iwo akuluka. Mkeka unatuluka wamawangamawanga ngati nkhanga, wopanda mutu wake.

Kumapeto kwa mwezi amalume anabwera kudzationa, napeza mkekawo utayalidwa pakhonde, pamalo pomwe amalumewo ankakhala nthawi zonse akabwera.

"Amayi, mkeka uwu mwaluka ndinu?"

"Ndine."

Amalume anayendetsa dzanja pamaso pa agogo. Agogo sanaphethire. "Mayo ine!" anatero amalume, n'kukhala pansi atagwira mutu.

Tinanyamuka patapita masiku atatu. Amayi a m'mudzi anatiperekeza mpaka kumsewu, ena akupukuta misozi ndi zitenje, ndipo agogo anapatsa mnzawo aNaphiri singano yawo ndi kampeni kong'ambira mlaza. Tikudikira minibasi, amalume atapita kukagula nthochi, ine zinandikanika kusunga.

"Agogo, mlaza uja ndinasakaniza ndine."

Anaseka pang'ono, osatembenuka. "Ukuyesa sindinadziwe? Wopaka utoto umakhakhala, woyera umaterera. Ndakalambira pamlaza ine, undipusitse iwe wobadwa dzulodzuloli?"

"Nanga munalukiranji?"

"Ndinakumva ukulira kuseri kwa nkhokwe. Mwana sabwereketsa maso mpaka kalekale, nayenso ali ndi zake zoti aone. Pakamwa panga panakanika kuwauza amalume ako, ndiye ndinati mkeka ukanene."

Anandifufuza ndi dzanja, nandigwira pamutu, ndipo sanachotse dzanjalo mpaka minibasi inaima.

Ku Lilongwe madokotala anati tinachedwa. Agogo anakhala zaka ziwiri m'chipinda cha simenti, manja ali pamiyendo, zala zikuluka zokha popanda mlaza, uku ine ndikupita kusukulu tsiku ndi tsiku. Sanadandaulepo ine ndikumva. Anamwalira nthawi ya dzinja, madzi atadula msewu wa kwathu, ndipo tinawaika m'tauni momwemo, pakati pa anthu omwe sanawadziwe ngakhale dzina.

Lero ndimaphunzitsa ana kuwerenga, ndipo anthu amati ndinachita mwayi. Sindiwatsutsa. Koma chaka chilichonse ndikapita kukalambula pamanda awo, ndimanyamuka kunyumba nditakonzeka kukanena zikomo, ndipo ndikafika mawuwo satuluka. Ndimangoti, "Pepani agogo," n'kuwerama kumazula udzu.